Mamba a Nsomba Yofunsira Mbeta

Kumtunda kwa mtsinje wathu kuno asodzi saopa apolisi ngati mmene amaopera Mayi Mirdza Purmale. Mayiwa ndi aafupi, ovala magalasi okhuthala, ndipo chibadwire sanagwirepo mbedza. Kwa zaka makumi anayi ntchito yawo yakhala yowerenga mamba a nsomba m'kanyumba ka kafukufuku kamene kali kuseri kwa mlatho, kaja kodontha denga.

Lamulo la kuno ndi lakalekale. Ukagwira salimoni, nsomba yaikulu yochokera kunyanja, umapala mamba angapo pansi pa chipsepse cha pamsana, n'kuwaika mu envulopu yaing'ono yofiirira. Pamwamba umalembapo dzina lako, tsiku, dziwe limene wawedzapo ndi kulemera kwa nsombayo, kenako umakaiponya m'bokosi la pakhomo pa kanyumbako. Lolemba lililonse a Mirdza ankatsegula bokosilo, kutsuka mambawo, n'kuwaika pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Bamba la salimoni lili ndi timizere tozungulira ngati ta pachitsa cha mtengo. Nsomba ikamadya bwino timizereto timatalikirana, ndipo m'nyengo yachisanu, njala ikaluma, timathinana. Wodziwa amaona pamenepo zaka zimene nsombayo inakhala mumtsinje ili yaing'ono, zimene inakhala kunyanja ya Baltic ikunenepa, ngakhalenso ngati inabwererapo kale kudzaikira mazira. Tsoka la asodzi ndi lakuti amaonanso kukula kwake kwenikweni.

A Visvaldis, ometa tsitsi aja, analembapo tsiku lina kuti agwira ya makilo khumi ndi limodzi. Lachiwiri lake anakumana ndi a Mirdza pamzere wogula buledi, sitolo itadzaza.

"A Visvaldis, pepanitu," anatero a Mirdza mokweza, nkhope ili yachisoni. "Nsomba yanu ija yadwala m'njira. Kwanu inanyamuka ili ndi makilo khumi ndi limodzi, koma kwa ine yafika ili ndi asanu ndi limodzi. Kodi munaiyendetsa wapansi?"

Anthu anaseka mpaka wogulitsa anaiwala kudula buledi. Anasekadi, kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho aliyense wa iwo anali atachotsedwako kena kake, ndipo abusa a mpingo wathu anataya makilo awiri sabata yomwe analalikira za umboni wonama.

Chodabwitsa n'chakuti mayi oterewa anakwatiwa ndi katswiri wokometsera nkhani wa mtsinje wonse. A Ojars ndi amagetsi opuma, aatali, a makutu aakulu, osowa chochita ndi manja awo akakhala kuti sakulankhula. Anzawo ankawaseka kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Komabe a Ojars anali ndi chishango chimene wina aliyense analibe. Nkhani yawo yaikulu, ya salimoni imene anagwira pa Dziwe la Wansembe zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, inali itadutsa pansi pa galasi la akazi awo osapezeka ndi banga. Ankaikamba pa ukwati, pa ubatizo, ngakhale pamaliro anthu akayamba kudya. Ankati analimbana nayo maola awiri, madzi akulekeza m'chifuwa, ndipo inawakokera pansi kawiri. Chigwirire nsomba imeneyo sanagwirenso ina yoposa chikhatho, koma ankati anasiyira dala ana.

Nkhaniyo inayamba chonchi. A Ojars anabwera kuno ali mnyamata kudzalumikiza magetsi ku fakitale ya mapepala, ali ndi njinga yakapalasa yabuluu imene ankaipukuta kawiri pa tsiku. Anakumana ndi a Mirdza pa dansi, zinthu n'kuyamba kuyenda. Koma bambo a mtsikanayo, malemu a Arvids, ankayeza amuna ndi nsomba. Ananena ali m'nyumba yosambira nthunzi ndi anzawo, podziwa kuti mawuwo akafika, kuti mwana wawo sangapite ndi munthu wa m'tauni wosadziwa kumene nyongolotsi imalowera pa mbedza.

"Abwere ndi salimoni ya mumtsinje muno yogwira yekha, tikambirana," anatero.

Masiku amenewo chilolezo chowedza chinkakhala cha masabata atatu okha. Masabata atatuwo a Ojars anagwira nthambi za mitengo, nsapato imodzi ndi chimfine. Loweruka lomaliza, dzuwa litapendeka, anatulukira pakhomo pa a Arvids thukuta lili kamukamu, akukoka mapazi, atasenza chinsomba cha makilo khumi ndi awiri paphewa. Njinga panalibe. Anati wina waiba pamene iwo amalimbana ndi nsombayo. A Arvids anavina pabwalo atavala nsapato imodzi. Anapala okha mamba, kulemba okha envulopu, n'kuipereka kwa mwana wawo.

"Kalembe m'mabuku ako, boma lidziwe mkamwini wanga!"

Lolemba m'mawa a Mirdza anaika bamba loyamba pansi pa galasi, ndipo sanafunike kuyang'ana kawiri. Pakati pake timizere tinali totalikirana mofanana, topanda chizindikiro cha njala. Imeneyo inali nsomba yokulira m'thanki, yodyetsedwa pamanja tsiku ndi tsiku, mwa zimene ankazitayira mumtsinje waukulu wa ku Riga, likulu la dziko lathu. M'mphepete mwa bambalo munali mosalala. Salimoni ikalowa mumtsinje imasiya kudya, thupi limayamba kudya mamba ake omwe, ndipo m'mphepetemo mumaoneka ngati buledi woluma mbewa. Iyi inali yathunthu. Inafera kunyanja, mu ukonde wa munthu wina.

Anapsa mtima, kenako anaseka, kenako anapsanso mtima. Anaganizira bambo awo akuvina ndi nsapato imodzi. Anaganizira makutu aja. Ankamukonda mnyamatayo, ndipo sankafuna kuti akwere basi kubwerera kwawo. Anatenga pensulo n'kulemba pa envulopuyo mawu atatu: "Ya mumtsinje muno." Anaiika m'kabati, n'kutseka. M'maenvulopu masauzande amene anadutsa m'manja mwawo, bodza lawo linali limodzi lomwelo, ndipo sanauzepo munthu, ngakhale mwini nsombayo.

Koma mlandu suola. Chaka chino, patatsala mwezi umodzi kuti a Mirdza apume, kunabwera mkulu watsopano wa kafukufuku, Dokotala Solvita, mayi wamtima wabwino koma wosadziwa kukhala pansi. Salimoni za mtsinje wathu zachepa, ndipo zotsalazo zasakanikirana ndi zosochera za m'mathanki. Boma likufuna kutenga mazira kwa nsomba za mtundu weniweni wa kuno n'cholinga choti zichulukane, koma palibe angazisiyanitse ndi maso.

"Mayi Mirdza, kabati yanuyi ndi chuma," anatero a Solvita Lachitatu lina, akusuntha maenvulopu patebulo. "Masiku ano bamba louma tikhoza kuliyeza DNA, monga amayezera ana okanidwa ndi abambo awo. Tiyeza mamba akalewa kuti tidziwe mtundu wa makolo, ndiye tisakasaka zidzukulu zawo mumtsinjemu. Ndasankha maenvulopu makumi anayi amene munalemba ndi dzanja lanu kuti ndi a kuno. Pamene mwalemba inu, ine sindikayika. Ndiye taonani imene ndapeza!"

Anakweza envulopu yofiirira yolembedwa ndi dzanja la malemu a Arvids.

"Nsomba ya amuna anu! Yaikulu kuposa zonse za chaka chimenecho. Iyi ikhala patsogolo. Zotsatira zake tidzaziika m'felemu, tidzakupatseni pa phwando lotsanzikana nanu, a Ojars ali pomwepo. Galimoto ikunyamula zonsezi Lachisanu."

A Mirdza anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Apa ndiye anagwira njakata. Makina a ku Riga akaigwira nsombayo, amuna awo adzayaluka pamaso pa asodzi onse, ndipo dzanja lawo la zaka makumi anayi lidzayaluka nawo. Makinawo akapanda kuigwira, ndiye zoipa kwambiri, chifukwa anthu adzasankha makolo a nsomba za mawa potengera mlendo wa m'thanki, mtsinje n'kudzaza ndi zidzukulu za bodza lawo.

A Solvita atatuluka, a Mirdza anatsegula kabati n'kupeza envulopu ya nsomba ina ya chaka chomwecho, ya kuno yeniyeni. Kusinthanitsa mambawo kukanatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa tiyi, ndipo palibe akanadziwa. Anawatulutsa ndithu, kuwayala patebulo. Zala zinakana. Anayang'ananso mbaula imene inali kuyaka pakona, imene imadya mapepala mosafunsa. Pamapeto pake anabwezera mamba a eni ake m'malo mwake, ndipo envulopu ya a Ojars anaiponya m'chikwama chawo.

Mawa lake anapita kunyumba nthawi ya chakudya chamasana, chinthu chimene sankachita. Anapeza a Ojars atavala epuloni, akukazinga mbatatesi ndi anyezi, buledi wakuda ali pathabwa.

"Mwabwera msanga bwanji? Akuthamangitsani musanapume?"

A Mirdza anaika envulopuyo pafupi ndi bulediyo. "Mukuidziwa iyi?"

"Ha! Mfumukazi yanga! Makilo khumi ndi asanu, mayi, ndipo tsiku limenelo madzi…"

"Khumi ndi awiri. Khalani pansi, nkhalamba inu."

A Ojars anachotsa chiwaya pamoto n'kukhala.

"Nsomba iyi Dziwe la Wansembe sinalionepo," anatero a Mirdza. "Madzi a mumtsinje muno sinawalawepo. Inakulira m'thanki, inafera mu ukonde kunyanja. Mawa ikupita ku Riga kukayezedwa, ndipo makina akumeneko sanakwatiwe ndi inu."

Ankayembekeza kuti amuna awo akana, alumbira, atchula malemu apongozi awo kukhala mboni. A Ojars anangotenga mpeni n'kuyamba kupaka batala pa buledi.

"Mwachedwa nawotu mawu amenewa," anatero. "Ine ndimawadikira Lolemba lija."

"Lolemba liti?"

"Lolemba lija. Mukuyesa ndinali chitsiru? Bambo anu akupala mamba, ine ndikuti lero ndadzipha ndekha. Ndinaiwala kuti mkazi ndikufunayu amalankhula ndi mamba. Lolembalo ndinajomba ku ntchito. Ndinakhala pansi pa mlatho kuyambira m'mawa, sutikesi nditalongedza kale, maso ali pachitseko chanu. Ndimati mukangotuluka n'kulunjika kwa bambo anu, ine basi ya folo koloko. Munatuluka, munandiona, munandiyang'ana ngati ndadya nkhuku yanu, kenako munati, 'Nanga simundiperekeza?' Basi. Ndinadziwa kuti mkazi wogwira abodza a mtsinje wonse akamasula mmodzi, ndiye kuti wamufuna."

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukukamba za dziwe lija ine ndili pompo, mukudziwa kuti ndikudziwa?"

"Nanga ndimakambira ndani? A Visvaldis? Ine ndimafuna kuona mmene mumapukutira magalasi ndikafika pamene inandikokera pansi. Mumayamba ndi lamanzere."

"Mulibe manyazi inu."

"Ndinawasiya pansi pa mlatho."

A Mirdza anafuna kuwagenda ndi buledi, koma mtima wawo unali utafewa kale, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa kwambiri. "Munaigula kwa ndani?"

"Kugula? Ndi ndalama ziti? Ndinapalasa mpaka kudoko, ndinapeza mkulu wina akutsitsa ukonde. Iye anayang'ana njinga yanga, ine ndinayang'ana nsomba yake."

"Njinga ija? Yobedwa ija?"

"Yomweyo."

"Ojars! Ine zaka makumi atatu ndi zisanu ndikutemberera wakuba! Chaka chathunthu sindinawapatse moni a Visvaldis chifukwa ndinawaona ndi belu lofanana ndi lanu!"

"Ndimaona. Ndinkawamvera chisoni, koma osati kwambiri."

"Nanga munabwerera bwanji?"

"Wapansi. Njira ya m'nkhalango, kuti anthu asandione. Makilomita makumi awiri, iyo ili paphewa, ikuterereka, ntchentche zikundiperekeza. Nditafika pafupi ndi dziwe ndinaiviika m'madzi kuti ioneke yatsopano. Ndiye pamenepo mwalakwitsa, mayi. Madzi a mumtsinje muno inawalawa."

A Mirdza anakumbukira mmene mnyamata uja ankakokera mapazi tsiku limenelo, ndiponso kuti sabata yonse yotsatira anayenda atavala masilipasi, akuti nsapato zanyowa. Mbatatesi zinali kuzizira m'chiwaya.

"Ndikhoza kuitentha," anatero kenako, motsitsa. "Ndinena kuti yasowa."

"Ayi. Kalembeni zoona. Nsomba za mumtsinjemu sizinakulakwireni."

"Akusekani anthu."

"Akusekani ndi inu omwe, ndiye tikhala awiri. Koma chimodzi: nkhani yanga sindikufuna ikambidwe ndi makina a ku Riga. Ndikamba ndekha."

Lachisanu m'mawa, galimoto ili panja, a Mirdza anafotokoza zonse kwa a Solvita ali chiimire. Anatenga labala, kufufuta mawu atatu aja, n'kulemba ena: "Ya m'thanki, yogwidwa kunyanja." A Solvita sanaseke. Anayang'ana maenvulopu otsalawo patebulo.

"Palinso ina yotere, Mayi Mirdza?"

"Palibe."

"Mukutsimikiza?"

Funso limenelo palibe anali atawafunsapo chiyambire ntchito, ndipo linawawa kuposa mmene ankaganizira. A Solvita ananena mwaulemu kuti otsalawo awerengedwenso ndi munthu wina ku Riga asanayezedwe. A Mirdza anavomera, chifukwa iwonso akanachita chimodzimodzi. Yankho linabwera patapita masabata atatu, lakuti onse makumi atatu ndi asanu ndi anayi anali oona, koma masabata atatuwo mayiwa anaonda.

Phwando lotsanzikana linachitikira mu holo ya asodzi, Loweruka masana. Panali mowa, tchizi, nsomba zowamba ndi zolankhula zambirimbiri. A Ojars ataimirira ndi tambula m'manja, anthu anabuula, ena n'kuyamba kuwatsogolera: "Maola awiri! Madzi m'chifuwa!"

"Dekhani, abale anga," anatero a Ojars. "Lero nsomba ija igwidwa kwina."

Anakamba zonse: doko, ukonde, njinga, ntchentche, mlatho ndi sutikesi. Atafika pa mawu atatu a pensulo aja, holo inaphulika ndi phwete. Amuna a imvi anamenya matebulo, abusa anatsamwa ndi tchizi. A Visvaldis anakwera pa benchi.

"Mayi Mirdza ananama! Mwamva nonse? Ananama! Mayi, mundibwezere makilo anga asanu!"

"Tsikani mungathyoke, achimwene," anayankha a Mirdza, nkhope itafiira koma mutu uli chilili. "Nsomba yanu inali ya makilo asanu ndi limodzi, ndipo mpaka lero ndi asanu ndi limodzi. Koma za njinga zija, pepani."

"Njinga iti?"

"Ngati simukudziwa, ingolandirani."

Anawaseka ndithu, awiri onsewo, ndipo adzawasekabe mpaka Khirisimasi. Koma ine ndinali pomwepo, ndipo ndinaona akazi angapo akuyang'ana amuna awo cham'mbali, ngati akufunsa kuti iwo anawasenzerapo chiyani.

A Mirdza ali ndi matenda amodzi osachiritsika: nambala yotuluka pakamwa pa msodzi sangaisiye osaiyeza. Lolemba loyamba la kupuma kwawo, poti kunalibe bokosi loti atsegule, anauza amuna awo kuti akukagula ulusi, n'kuliza kagalimoto kawo kakale mpaka kudoko. Njira ya m'nkhalango ija masiku ano anaithira miyala, galimoto imadutsa. Anaima pamene asodzi amatsitsira maukonde, kulemba nambala ya pa mita ya galimoto kuseri kwa envulopu yakale, n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono. Ankaganiza kuti apeza makilomita khumi ndi awiri, akachuluka khumi ndi asanu, ndipo anali atakonza kale mawu oti akanene pa chakudya chamadzulo.

Anadutsa zitunda ziwiri zimene a Ojars sanazitchule, ndi dambo limene masiku amenewo linalibe mlatho. Makumi awiri anakwana Dziwe la Wansembe lisanaoneke n'komwe. Ataima pa geti la nyumba yakale ya bambo awo, mita inati makumi awiri ndi atatu.

Anazimitsa injini n'kukhala momwemo, envulopu ili pamwendo. Zaka makumi anayi akuchotsera amuna makilo, aka kanali koyamba kupeza msodzi atanena zochepera pa zoona, ndipo anali wawo yemwe. Analira pang'ono, kenako anapukuta magalasi, kuyambira lamanzere.

Kunyumba anapeza a Ojars pa mpanda, akufotokozera mnansi wawo kuti ulendo uja unali wa makilomita makumi awiri ndi limodzi.

"Si choncho, mayi?" anafunsa a Ojars, diso limodzi likuseka.

"Ine ndimawerenga mamba, mapazi sindiwerenga," anatero a Mirdza, akulowa m'nyumba opanda ulusi.

Sanawauze, ndipo akuti sadzawauza, angatukumuke. Akungowerenga chamumtima. A Ojars atsala ndi makilomita awiri oti awonjezere asanayambe kunama.